KIYI WA KALALIKI: CIFUKWA CACE KANEMA WOSEKETSA WA AKULU SAKALAMBA

Awerengi athu onse adziwa kuti nthabwala ili ngati ndiwo za masamba, zimene zikagona m'mawa mwace sizikoma. Munthu akanena coseketsa m'basi Lolemba anthu amafa nalo phwete, koma akacibwereza Laciwiri kwa anthu omwewo, ena amayang'ana pa zenera ndipo ena amamcitira manyazi. Nanga ndi cifukwa ninji tsono pali zithunzithunzi zoseketsa zimene zinapangidwa zaka zoposa 60 zapitazo, ambiri mwa amene anasewera m'menemo anagona kale kumanda, koma kufikira lero anthu akulu akulu amaziona kawiri kapena katatu, naseka monga ngati aziona kumene? Funso limeneli ndi loyenera kuliganizira, pakuti munthu wogwira nchito sabata yonse ali ndi nthawi yocepa yopumula, ndipo si bwino kuti nthawiyo aitaye pa zinthu zacabe.

KALALIKI WA DESIKI 861

Cithunzithunzi cimene cidzatithandiza kuyankha dzina lace ndi The Apartment, ndiko kunena nyumba yaing'ono ya lendi. Cinatuluka ku America m'caka ca 1960. Anacilemba ndi anthu awiri, Billy Wilder ndi I. A. L. Diamond, ndipo Wilder yemweyo ndiye anayang'anira kajambulidwe kace.

Nkhani yace ndi ya mnyamata wosakwatira dzina lace C. C. Baxter, amene wosewera wace anali Jack Lemmon. Iye ndi kalaliki pa kampani yaikulu ya inshuwalansi mu mzinda wa New York. Poyamba peni peni amatiuza yekha kuti kampaniyo ili ndi anchito 31,259, kuti iye amakhala pa nsanjika ya 19, pa desiki la nambala 861, ndi kuti amapita kunyumba ndi madola 94.70 pa sabata. Lendi ya nyumba yace ndi madola 85 pa mwezi. Tikamuona pakati pa mizere ya madesiki yosaoneka polekezera, timazindikira msanga kuti munthu uyu ali ngati njere imodzi m'thumba la cimanga. Atadwala kapena kufa, mawa lomwe pa mpando wace padzakhala wina.

Koma Baxter ali ndi cinthu cimodzi cimene akalaliki anzace alibe, ndico kiyi wa nyumba imene amakhalamo yekha. Mabwana anai a pa kampaniyo, onse okwatira, amabwereka kiyiyo madzulo kuti akacezemo ndi akazi a kumbali, namlonjeza kuti adzamnenera zabwino kwa akulu kuti akwezedwe. Cotero anthu onse akaweruka iye amatsalira mu ofesi, kapena amaima kunja pa mphepo kudikira kuti alendo ace atuluke. Usiku wina amdzutsa ali m'tulo, ndipo akagona pa benchi m'munda wa Central Park, nadzuka ndi cimfine. Anansi ace, pakumva phokoso ndi kuona mabotolo a mowa tsiku ndi tsiku, amayesa kuti iye ndiye cidakwa ndi wokonda akazi woposa onse mu mzindamo, conseco mnyamatayo amadya yekha cakudya cofunditsa.

Pamene bwana wamkulu woyang'anira anchito, Sheldrake, amva za kiyiyo, Baxter ayesa kuti nchito yamthera. Koma iai, bwanayo afuna kiyi nayenso. Baxter akwezedwadi, apatsidwa ofesi yace yace, nagula cipewa catsopano. Cimene sadziwa ndi cakuti mkazi amene Sheldrake amapita naye ku nyumbako ndi Fran Kubelik, mtsikana woyendetsa cikepe m'nyumba ya kampaniyo, amene Baxter yemweyo amamkonda mumtima. Walira mvula walira matope.

KUSEKA KUMENE KULI NDI MUNGA

Munthu atamva nkhani imeneyi m'kamwa mwa mnzace sangayese kuti ndi yoseketsa. Muli cigololo, muli bodza, muli bwana wopondereza anchito ace. Pakati pace pali malo owawa kwambiri. Usiku wa pa 24 December Sheldrake apatsa Fran ndalama ya pepala ya madola 100 m'malo mwa mphatso, nathamangira sitima kuti akadye Krisimasi ndi mkazi ndi ana ace. Mtsikanayo, poona mtengo umene amuika, amwa mankhwala ogonetsa kuti afe. Apulumuka cifukwa Baxter amupeza msanga naitana dokotala wokhala cipinda coyandikana naco, Dr. Dreyfuss. Ena mwa olemba m'nyuzipepala a nthawi imeneyo anadandaula kuti cithunzico cinali cauve.

Koma apa ndi pamene pagona yankho loyamba la funso lathu. Mwana amaseka munthu akaterereka pa matope, ndipo wamkulu nayenso amaseka, koma kamodzi kokha. Cimene cimamseketsa wamkulu kawiri kawiri ndi cimene cimamkhudza pa cilonda. Pali malo ena m'cithunzici pamene Baxter, ali ndi cimfine ndi malungo, aimba lamya kwa mabwana aja mmodzi mmodzi, kusintha masiku ao kuti usiku umenewo nyumba ikhale yace yekha. Acita zimenezi mwacangu ndi mwaulemu monga kalaliki wabwino, pamene cimene afuna ndico kungogona pa kama wace. Munthu ali yense amene anasekererapo nthabwala yosaseketsa ya bwana wace, kapena amene anabvomerapo kutumidwa nchito yosalembedwa m'pangano cifukwa coopa mwezi wa mawa, amaseka pamenepa ndi mtima wonse, cifukwa wadziona yekha.

Zobvala zimasintha, makina a mu ofesi amasintha, ndipo madola 94.70 lero sangakhale malipiro a sabata ku New York. Koma lendi, bwana, kusungulumwa m'mzinda wodzaza anthu, ndi funso lakuti munthu angapereke ciani kuti akwezedwe, izi sizinasinthe. Nthabwala yomangidwa pa fashoni ya caka cino imafa pamodzi ndi fashoniyo, koma yomangidwa pa bvuto losatha imakhala masiku onse amene bvutolo likhala.

MITU IWIRI PA DENGA LIMODZI

Yankho laciwiri lili m'kalembedwe, ndipo kuti tilimvetse tiyenera kudziwa amene analemba. Billy Wilder anabadwa m'caka ca 1906 m'tauni ya Sucha, imene lero ili m'dziko la Poland. Anagwira nchito ya utola nkhani ku Vienna ndi ku Berlin. Popeza anali Myuda, anathawa ku Germany m'caka ca 1933 pamene Hitler anatenga ulamuliro, nafika ku Hollywood mu 1934 wosadziwa Cingerezi kweni kweni. Amai ace anatsala ku Ulaya, ndipo anafera m'manja mwa a Nazi pa nkhondo yaikulu yaciwiri. Munthu wotere sanali wosadziwa kulira. Diamond nayenso anali mlendo ku America, wobadwa mu 1920 m'dera limene pa nthawiyo linali la Romania.

Mutu umodzi susenza denga. Awiriwa analemba pamodzi zithunzithunzi 12, kuyambira 1957 kufikira 1981. Anali kukomana mu ofesi monga anchito ena onse, nayesa mau ali onse mokweza kuti amve ngati akhala bwino m'khutu. Wilder anaphunzira nchitoyi kwa katswiri wina wocokera ku Germany, Ernst Lubitsch, amene anamlembera Ninotchka m'caka ca 1939 pamodzi ndi Charles Brackett ndi Walter Reisch, ndipo pa khoma la ofesi yace anapacika cikwangwani comfunsa m'mene Lubitsch akadacitira. Pojambula, osewera sanali kuloledwa kusintha mau m'mene afunira.

Ganizo la nkhaniyi linamfikira Wilder ataona cithunzi ca ku Mangalande ca 1945, Brief Encounter, m'mene mwamuna ndi mkazi okondana mobisa akomana m'nyumba ya bwenzi la mwamunayo. Anthu ena onse anali kumvera cisoni awiri okondanawo. Wilder yekha anatuluka ali kuganizira za mwini nyumba uja, amene abwerera usiku napeza kama wace ali wofunda. Ganizolo analisunga zaka zambiri kufikira nthawi yace itakwana.

KUBZALA NDI KUKOLOLA

Mlembi wabwino wa zoseketsa ali ngati mlimi. Amabzala kanthu kakang'ono poyamba, ife osazindikira, ndipo amadzakolola nthawi itapita. Tione zitsanzo zitatu.

Coyamba ndi kalilole. Tsiku lina Baxter apeza m'nyumba mwace kalilole wamng'ono wa akazi, wosweka pakati, nambwezera Sheldrake mwaulemu. Pa phwando la Krisimasi ku ofesi, abvala cipewa cace catsopano nafunsa Fran ngati cimkhala. Mtsikanayo atulutsa kalilole m'cikwama kuti Baxter adzione yekha. Ndi kalilole yemwe uja. Palibe wonena kanthu za cinsinsico. Timangoona nkhope ya Baxter yogawika pawiri m'galasi losweka, cipewa ciri pamutu. Mlembi wosadziwa nchito akadalemba mau odzaza tsamba lonse. Wilder ankanena kuti anaphunzira kwa Lubitsch kuti woonera umpatse ziwiri ndi ziwiri, ndipo kuphatikiza umsiyire yekha.

Caciwiri ndi kiyi. Kuyambira paciyambi taona kiyi wa nyumba ali kuyenda m'manja mwa mabwana, ndipo tamvanso za kiyi wina, wa cimbudzi ca mabwana okha, amene ali cizindikiro ca ulemu pa kampaniyo. Kumapeto Baxter wafika pa nsanjika ya 27, ali waciwiri kwa Sheldrake. Bwanayo, amene tsopano mkazi wace wampitikitsa, afunanso kiyi wa nyumba kuti apiteko ndi Fran usiku wa Caka Catsopano, namuopseza kuti akakana nchito yatha. Baxter aponya kiyi pa desiki. Patapita kanthawi bwana abwera kudzanena kuti wapatsidwa kiyi wolakwa, wa cimbudzi. Baxter ayankha kuti sanalakwitse, natenga jasi lace. Anthu amaseka, ndipo ena amaomba m'manja, cifukwa ndi kacitsulo kamodzi munthu wasiya nchito nabweza ulemu wace. Dokotala uja anali atamlangiza kale kuti akhale munthu weni weni, ndipo Baxter amuuza bwanayo kuti angotsata mau a dokotala.

Cacitatu ndi mfuti. Pofuna kumsangalatsa Fran ali kucira, Baxter amsimbira kuti nayenso anafunapo kudziombera cifukwa ca cikondi, koma anangodzilasa pa bondo. Timaseka ndi kuiwala. Pa usiku wa Caka Catsopano, Fran atamva kuti Baxter wakana kupereka kiyi, amsiya Sheldrake pa phwando nathamangira ku nyumba ija. Ali pa makwerero amva kulira ngati kwa mfuti. Agogoda ndi mantha, ndipo Baxter atsegula ali ndi botolo la vinyo limene langophulika citsekerero cace. Baxter amuuza kuti amamkonda, koma mtsikanayo angomuuza kuti aleke zonena agawe makadi, pakuti anali ndi masewera amene sanawatsirize. Cithunzi cithera pomwepo, awiri opanda nchito yodalirika atakhala pakati pa katundu womanga manga.

Ici ndi cifukwa cace munthu amabwerera kukaonanso. Ulendo woyamba amadabwa ndi zokolola. Ulendo waciwiri amaona pamene mbeu inabzalidwa, ndipo kukoma kwace ndi kwina.

Pa mphotho za Oscar zoperekedwa mu 1961, The Apartment inachulidwa pa mbali 10 nipambana pa 5. Wilder yekha anatenga zitatu usiku umodzi: ya cithunzi coposa zonse, ya woyang'anira, ndi ya kalembedwe imene anagawana ndi Diamond. Inanso inapita kwa okonza malo, Alexandre Trauner ndi Edward G. Boyle. Ofesi yaikulu ija sinali yaikulu monga ioneka. Trauner anaika madesiki ocepera cepera kumbuyo, ndi anthu ang'ono ang'ono okhalapo, kuti diso liyese kuti mizereyo ilibe mathero. M'caka ca 1994 boma la America linaika cithunzici pa mndandanda wa zoyenera kusungidwa.

KUWERENGA NTHAWI YA PHWETE

Caka cimodzi cisanatuluke The Apartment, mu 1959, alembi omwewa anatulutsa Some Like It Hot. Ndi nkhani ya oimba awiri osauka a ku Chicago, Jack Lemmon ndi Tony Curtis, amene m'caka ca 1929 aona zigawenga ziri kupha anthu. Pothawa imfa abvala zacikazi nalowa m'gulu la oimba akazi okha okha lopita ku Florida, m'mene muli Marilyn Monroe. Taonani kuti pansi pa kusekako pali njala ndi mantha. Amuna awiri obvala madiresi popanda cifukwa angatopetse pa mphindi khumi; koma awa akabvula afa, ndipo akuphunzira ndi thupi lao m'mene akazi amabvutikira ndi amuna.

Pali malo pamene Lemmon abwera usiku ali wokondwa kudzauza mnzace kuti nkhalamba yolemera yamfunsira ukwati. Wilder anadziwa kuti anthu adzaseka kwambiri kotero kuti mau otsatira sadzamveka. Tsono anampatsa Lemmon masece awiri kuti aziwagwedeza ndi kubvina akatha ciganizo ciri conse, kupatsa anthu mpata wotsiriza kuseka. Wolemba wotere amawerenga nthawi ya phwete monga mmisiri ayesa thabwa asanalidule. M'caka ca 2000 bungwe la American Film Institute linaika cithunzici patsogolo pa zoseketsa zonse za ku America, ndipo mu 2017, pamene BBC inafunsa oweruza zithunzi 253 a m'maiko 52, cinakhalanso coyamba.

Kulemba bwino sikutanthauza mau ambiri. Charlie Chaplin, amene anakula mu umphawi ku London, anapanga City Lights mu 1931 popanda kulankhula. Anali ndi bvuto limodzi: mtsikana wakhungu wogulitsa maluwa angayese bwanji kuti munthu wosauka ndi wolemera? Malo amodzi amenewa anawajambula kokwana 342. Yankho linali kulira kwa citseko ca galimoto ya munthu wolemera, cimene mtsikanayo amva nayesa kuti ndi ca wogula maluwa ace. Mu Modern Times, ya 1936, Chaplin ndi wanchito wa m'fakitale amene manja ace apitirira kumanga mabauti ngakhale makina ataima. Munthu wa pa mgodi kapena pa fakitale safuna womasulira kuti amvetse.

WOONERA SI MWANA

Yankho lotsiriza likhudza mbiri yathu ya kuno. M'caka ca 1948 munakhazikitsidwa bungwe la Central African Film Unit ku Salisbury, mzinda umene lero uchedwa Harare, kuti lizipanga zithunzithunzi za anthu akuda a ku Nyasaland ndi Rhodesia ziwiri zija. Linagwira nchito kufikira pamene citaganya cinatha mu 1963. Zina mwa zithunzi zace zinali zoseketsa, monga Mulenga Goes to Town, ya mnyamata wa kumudzi wokomana ndi zobvuta m'tauni. Koma cifuno cacikulu cinali kuphunzitsa: kusunga ndalama, kulima monga anena alangizi, kulemekeza lamulo. Kawiri kawiri panali munthu wanzeru ndi munthu wopusa, ndipo woonera anali kudziwa kuyambira paciyambi amene adzalangidwa. Ku Northern Rhodesia, kumene anchito a m'migodi ya kopa anali kusonkhana pa bwalo usiku kuona kanema, zithunzi zocokera kunja zinali kuyamba zapimidwa ndi bungwe la boma, ndipo mbali zimene Azungu anayesa kuti siziyenera maso a anthu akuda zinali kudulidwa.

Onse awiri, wophunzitsa ndi wodula, anali ndi ganizo limodzi lakuti woonera ndi mwana. Amuna ndi akazi amene anali kulipira msonkho, kulera ana ndi kutumiza ndalama kumudzi anayesedwa osatha kuphatikiza ziwiri ndi ziwiri. Lero zithunzi zophunzitsa zija zimaonedwa makamaka ndi ofufuza mbiri yakale, pamene Chaplin ndi Wilder akali kuseketsa anthu. Kusiyana kwace sikuli pa ndalama zokha. Mu The Apartment mulibe munthu woyera mtima kotheratu. Baxter si wocitiridwa cabe, pakuti kiyi anapereka yekha cifukwa anafuna ofesi ndi cipewa. Fran adziwa kuti bwana uja ndi wabodza, cikomekome ca nkuyu m'kati muli nyerere, koma abwererabe kwa iye. Olemba satiuza woti timuweruze. Amatikhulupirira kuti ndife akulu, odziwa kuti munthu wabwino angathe kucita zamanyazi cifukwa ca lendi, ndi kuti angathenso kuleka.

Tsono inu awerengi, mukafuna kuyesa cithunzi coseketsa ngati ciri ca masiku ambiri kapena ca usiku umodzi, musawerenge kuti mwaseka kangati. Dikirani kufikira Lolemba m'mawa. Ngati muli pa mzere wa basi, kapena muli kupatsa moni bwana pa khomo la ofesi, ndipo mwadzidzidzi mukumbukira kalaliki uja ali kuponya kiyi wa cimbudzi pa desiki, nimumwetulira nokha, dziwani kuti alembi ace anagwira nchito yao. Wilder anamwalira mu 2002 ali ndi zaka 95, Diamond mu 1988, ndi Lemmon mu 2001, koma desiki la nambala 861 likali ndi munthu wokhalapo m'mzinda uli wonse.